Wogulitsa watsopano akungokhala pakauntala: muyambire pati?

Dandaulo ili limamveka paliponse pamene eni masitolo akumana, kaya ndi pa Dedza boma, pa Linthipe, pa Lizulu kapena pa Mphate: "Ndalemba mnyamata, ndamuphunzitsa, koma sizikulowa." Mukafunsa zimene akuchita, nkhani yake imakhala imodzimodzi. Kasitomala akalowa, iye sanyamuka pampando. Akafunsidwa mtengo amangotchula, maso n'kubwerera pafoni. Munthu akati "zadula," iye amati "ndi momwemo," kasitomala n'kuwoloka msewu kukagula kwa mnzanu. Madzulo mukawerenga ndalama, palibe chasowa, komanso palibe chalowa.

Ndikamba za sitolo ya zipangizo za ulimi chifukwa ndi imene ndimaidziwa, ndiponso ndi kumene vutoli limapweteka kwambiri. Mbewu ndi feteleza zimayenda kuyambira Okutobala kufika Disembala, ndipo wogulitsa akagona miyezi imeneyo, chaka chonse chapita. Komabe zambiri mwa izi zigwiranso kwa wa golosale, wa hadiweya, wa kaunjika, ngakhale amene amatuma achinyamata kukatsatsa nyali za sola m'midzi.

Mukaima pakhomo, anthu osiyana kwambiri amaoneka ngati munthu mmodzi. Pali wosadziwa katundu, pali wamanyazi, pali amene malipiro amufooketsa, pali amene anachita kumubweretsa iye asakufuna, ndiye pali wosafunadi kugwira ntchito. Onsewa amakhala phee pakauntala. Maphunziro amathandiza awiri oyambawo basi. Enawo mukhoza kuwaphunzitsa mpaka mawu kusasa, palibe chisinthe.

Yambani mwadzionera nokha

Musadalire zimene akuuzani wogulitsa wakale kapena mlonda. Sankhani tsiku la msika, mukhale kumbuyo cha kumatumba a feteleza ngati mukulemba za sitoko, ndipo musalowerere ngakhale pakamwa payabwe. Chimene mukufuna kuona ndi nthawi imene mnyamatayo amadzuka ndi imene amazimirira. Lole ikabwera, amathamangira kukatsitsa katundu? Mnyamata mnzake akalowa kudzagula paketi ya mbewu ya repu, amacheza naye bwinobwino, koma mdala wa njinga akalowa iye n'kuyamba kupukuta shelefu? Ngati zili choncho, mphamvu ali nazo. Pali chimene akuthawa.

Sitolo ikatsekedwa, mufunseni funso limodzi la ntchito. Mwachitsanzo: "Kwabwera bambo ochokera ku Bembeke, akuti masamba a mbatatesi yawo ayamba kuda ngati awauka, kunja kukuchita nkhungu ndi mvula yamawawa. Uwauza chiyani?" Mmene ayankhire ndi mmene mudziwire koyambira.

Ngati sadziwa katundu

Uyu ndi amene amapezeka kawirikawiri, ndipo ndi amene timamuweruza molakwa kwambiri. Wamaliza Fomu 4, kumudzi amamuona ngati wophunzira, ndiye lero aime pamaso pa agogo amene alima kachewere zaka zoposa zimene iye wakhala ndi moyo, afunsidwe za mankhwala, asowe choyankha? Amasankha kuoneka wosasamala kusiyana n'kuoneka mbuli. Sadzakuuzani yekha zimenezi.

Kumuyendetsa sitolo yonse tsiku limodzi, kumuloza ichi ndi icho, si kuphunzitsa ayi. Tengani katundu wochepa amene amayenda kwambiri, mumudziwitse ameneyo mpaka alowe m'magazi. Adziwe kuti NPK ndi feteleza wokulitsa, Urea ndi wobereketsa, ndipo mlimi amene ali ndi ndalama ya thumba limodzi afunsidwe kaye ngati wathira kale manyowa. Adziwe kuti pa mbewu za chimanga, Kanyani amacha msanga pamene Njovu imafuna mvula yaitali, choncho munthu amene wachedwa kubzala, kapena wa kumunsi kotentha ngati ku Golomoti ndi ku Sharpevale, asangomupatsa mbewu chifukwa ndi imene ili pafupi ndi dzanja. Adziwe kuti mankhwala a Dithane ndi oteteza: amagwira ntchito mukapopera chiwawu chisanafalikire, sadzutsa munda umene wapsa kale. Nthawi yokolola, athe kufotokoza kusiyana kwa kuthira mankhwala a Actellic ndi kusunga chimanga m'matumba a PICS amene salowa mpweya. Zimenezi zikakhazikika, onjezerani zina.

Muphunzitseninso kuwerenga chizindikiro cha pabotolo mokweza: mlingo wake, masiku odikira musanakolole, ndi tsiku limene mankhwalawo atha mphamvu. Chilolezo chogulitsa mankhwala cha ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwalawa, chili m'dzina lanu, osati lake. Akapereka malangizo olakwika tomato wa munthu n'kupserera, amene atchuke m'mudzimo ndi inu.

Pali mafunso atatu amene ndimafuna wogulitsa aliyense awaloweze: munda uli kuti, kudimba kapena kumtunda, ndi waukulu bwanji, mwaona chiyani pambewuyo. Ubwino wake ngwakuti amene amalankhula kwambiri ndi mlimi, mnyamata n'kupeza mpata woganiza. Ndipo mumupatse chilolezo chomveka bwino chonena kuti, "Bambo, tadikirani pang'ono ndifunse abwana, ndisakunamizeni." Alimi sanyoza yankho lotere. Amene amamunyoza ndi wongolota.

Za mitengo nazo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yakhala ikusinthasintha, ndipo m'masitolo ambiri mtengo weniweni umakhala m'mutu mwa bwana. Mnyamata akagulitsa pamtengo wa sabata yatha n'kukalipiridwa, mawa lake safunanso kutchula mtengo. Lembani mitengo papepala, muike deti, mumate pakhoma. Kuseri kwa kauntala mulembe pamene angafike munthu akamanenerera. Wogulitsa amene sadziwa polekezera amangokana chilichonse, chifukwa kukana sikumupalamulitsa. Kwa inu a m'mbali mwa M1 kumene msewu ukuyenda ndi malire, ku Lizulu, pa Tsangano Turn-off mpaka ku Biriwiri, muuziretu chochita anzathu a ku Angónia, ku Mozambique, akatulutsa ndalama zawo za meticais. Kaya lamulo la sitolo yanu ndi kwacha yokha, alidziwe, ndipo adziwe kulinena mwaulemu.

Kukakhala chionetsero cha zaulimi kapena munda wachitsanzo wa alangizi, mutumeni. Mbewu imene waiona ili m'munda amaifotokoza mosiyana ndi imene amangoiona m'paketi.

Ngati ndi manyazi

Tinalera ana athu kuti asayambe kulankhula pamaso pa akulu, asawayang'ane m'maso, ayankhe akafunsidwa. Kenako tikuwaika pakauntala n'kumadabwa kuti bwanji sakuitanira malonda. Kwa mtsikana wochokera kumudzi zimakhala zolemera kuposa apa, makamaka ogula akakhala azibambo okonda nthabwala zopyola malire. Pamenepo ndi inu muyenera kuonetsa poyera kuti m'sitolo mwanu zotere sizichitika.

Wamanyazi musamupatse chiwerengero cha ndalama zoti apeze. Mupatseni ntchito imene ili m'manja mwake. Sabata yoyamba ikhale ya moni basi: aliyense wolowa, iye aimirire, ayambe ndiye. "Takulandirani mayi, mwaswera bwanji? Tikuthandizeni chiyani?" Sabata yachiwiri aonjezere mafunso atatu aja. Yachitatu aphunzire choyankha munthu akati zadula, pakuti pamenepa ndi pamene atsopano onse amagwera. Yesezani m'mawa musanatsekule, inu mukhale kasitomala wovuta:

"Iii mwanawe, mtengo umenewu? Kutsidyaku ndapeza yotsikirapo."

"Zoona bambo, zinthu zakwera. Koma munda wanu ndi waukulu bwanji? Mwina paketi ya makilogalamu 2 ikukwanirani, osachita kutenga ya 5."

Aone kuti "zadula" si kutsanzika, ndi poyambira kukambirana. Poyamba adzaseka, adzachita chibwibwi, mawu adzamveka ngati akulakatula ndakatulo ya kusukulu. Zisiyeni, zimatha zokha.

Chimene chimapha wamanyazi ndi kumudzudzula kasitomala ali pomwepo, kapena kumulanda malonda pakati: "Tachoka apa, ndiwathandize ndine." Mukatero kawiri, mwamuphunzitsa kuti inu mukakhalapo ntchito yake ndi kuonerera. Akasokoneza, lowani ngati mukuthandizira, "Zimene akunena mnyamatayu n'zoona, kungoti...", zotsalazo mukambirane awiri munthu atapita.

Funso limene eni masitolo salikonda

Mumamulipira zingati, ndipo mumamulipira pa nthawi yake? Masana amadya? Kuno mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, ndipo munthu amene wayenda wapansi kuchokera kuseri kwa phiri m'mimba muli gwa, n'kudzaima pasimenti tsiku lonse, sangamwetulire aliyense. Kapu ya tiyi ndi mbatata m'mawa nthawi zina zimachita zimene misonkhano khumi yalephera.

Lamulo la ntchito, Employment Act la mchaka cha 2000, limati maola ogwira ntchito pa sabata ndi 48, oposa pamenepo ndi ovataimu. Malipiro ochepetsetsa amaikidwa ndi boma ndipo amasinthidwa, choncho funsani ku ofesi ya zantchito pa boma kuti panopa ali pati. Ngati wanu amatsekula 6 koloko m'mawa, kutseka kutada, Lolemba mpaka Lamulungu, malipiro n'kumabwera pang'onopang'ono mwezi utatha kale, vuto lake si la maphunziro. Akungokubwezerani muyeso umene mukumupimira.

Komishoni imathandiza, koma ili ndi misampha. Kulipira komishoni yokhayokha kumagwira nthawi ya mbewu; pofika Febuluwale, anthu ali pa njala ndipo m'sitolo mukungolowa ntchentche, wogulitsa amapita kwawo chimanjamanja ngakhale atalimbikira chotani. Chabwino ndi malipiro okhazikika, pamwamba pake kakomishoni kochepa kowerengeka mosavuta, koperekedwa Loweruka lililonse m'manja. Tiyerekeze mwagwirizana K200 pa botolo lililonse la mankhwala ndi K500 pa sipuleya. Iye azilemba yekha m'kope lake, inu muzisaina madzulo. Bonasi ya "tidzaona kumapeto a chaka" sidzutsa munthu pampando lero.

Nanga shoteji? Pali mabwana amene chilichonse chosowa kapena chosweka amadula kumalipiro osafufuza n'komwe. Wogulitsa amaphunzira msanga kuti wosagwira kanthu salakwa, ndipo amasiya kutsitsa katundu pashelefu kuti kasitomala amuone. Lamulo la ntchito lija sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Limalola kusalipira masiku amene wajomba popanda chifukwa, ndi kubwezeretsa katundu amene waononga, koma osati zoti "wachedwa, ndadula K2,000."

Yang'ananinso wogulitsa wakale. Ngati makasitomala onse a matumba ambiri amawatenga ndi iye, watsopano n'kumangotsala ndi ogula kapaketi ka mpiru, kapena ngati anamunong'oneza tsiku loyamba kuti "kuno usadzivute, sayamika," mukulimbana ndi munthu wolakwika.

Mwana wa achemwali

Apa ndi pamene pamavuta zenizeni, ndipo masitolo ambiri a kuno ali mu msampha umenewu. Mnyamata sanafunsire ntchito. Anafunsira ndi mayi ake: "Achimwene, mwana wangayu akungokhala, tamutenganiko." Kapena anabwera naye ndi mkulu wa mpingo amene simungamukanire. M'mutu mwa mnyamatayo, sitolo ndi ya amalume, choncho ndi yakenso, ndipo palibe amene angamuchotse. Akudziwa kuti mukamukalipira, Lamulungu nkhani ifika kumudzi, ndipo amene aoneke wouma mtima ndi inu.

Wina amakhala akungodikira: zotsatira za MSCE, mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite, kapena ndalama ya basi yopita ku Joni. Thupi lili pakauntala, mtima unanyamuka kale. Mufunseni mosabisa, popanda ukali: "Iwe, kodi ntchito ino umaifuna, kapena anakukakamiza? Ukadakhala ndi mwayi ukadachita chiyani?" Yankho lake likhoza kukupwetekani, komabe ndi labwino kuposa kungoganizira.

Nkhani ya m'bale simuithetsa awiri. Amene anamubweretsa akhalepo. Khalani pansi atatu, munene pamaso pa onse zimene ntchitoyo ikufuna, malipiro ake, nthawi imene mukumupatsa kuti asinthe, ndi chimene chidzachitike akapanda kusintha. "Achemwali, mwanayu ndi wanganso. Koma sitoloyi ikagwa, fizi ya ang'ono ake ichokera kuti? Ndikumupatsa mwezi uno. Zikakanika, tisadzadane." Chibale ndi fupa, sichiola, koma mpamba umaola, ndipo umaola msanga. Ngati n'zoonekeratu kuti mtima wake uli ku zamagetsi, ukalipentala kapena kusoka, kumulipirira maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA kungakutsikireni mtengo kusiyana ndi makasitomala amene akukuthamangitsirani mwezi ndi mwezi.

Foni

Pa foni sindichedwapo, chifukwa nthawi zambiri ndi pobisalira chabe. Mukakonza zapamwambazi imachepa yokha. Ikani lamulo limodzi losavuta, loti kasitomala akalowa foni pansi, ndipo inunso mulisunge. Ngati amaikondadi, igwireni ntchito: ajambule katundu watsopano aike pa WhatsApp, asunge manambala a alimi, awaimbire mbewu imene amafuna ikafika, atsimikize ndalama za Airtel Money ndi Mpamba katundu asanatuluke. Chokhacho choti muchenjere nacho ndi kubetcha mpira. Mukaona kuti nkhope yake ikusintha ndi zigoli za ku England, yambani kuwerenga ndalama za m'kabati kawiri patsiku.

Mwayesa zonse, sakusuntha

Alipo ndithu. Katundu akumudziwa, pocheza ndi anzake pakamwa sipatseka, mumamulipira bwino pa nthawi yake, koma safuna. Mumamuzindikira chifukwa amasintha masiku awiri mukamulankhula, lachitatu wabwerera pomwe paja, ndipo nthawi zonse pali wina wolakwa: makasitomala ngouma manja, mitengo yanu njokwera, mnzake amamulanda anthu.

Ambiri timataya nthawi yochuluka pa munthu wotere, kumulalikira tsiku ndi tsiku, pamene wolimbikira uja sitimuyang'ana n'komwe. Iyenso amaona, ndipo tsiku lina adzafunsa mumtima kuti akuvutikiranji pamene malipiro ndi amodzi. Kuonongeka kwenikweni kumayambira pamenepo.

Muitaneni pa awiri, osati mukadali okwiya. Musanene za khalidwe lake lonse. Nenani zimene mwaona, ndi tsiku lake. "Lachitatu kunalowa mayi ofuna mankhwala a tomato, unawayankha uli chikhalire, anatuluka osagula. Dzulo wafika 9 koloko." Mupatseni mpata ayankhe, ndipo mumvetsere, chifukwa nthawi zina ndi pamenepa pamene mumamva kuti kunyumba kuli matenda, kapena kuti maso ake saona bwino zilembo zing'onozing'ono za pabotolo. Ngati palibe chotere, gwirizanani zinthu ziwiri kapena zitatu zooneka ndi maso: kufika 7 koloko, kuimirira ndi kupereka moni kwa aliyense, kulemba m'kope chilichonse chimene kasitomala wafunsa koma sanagule. Zilembeni, nonse musaine, aliyense asunge pepala lake. Milungu inayi ndi yokwanira. Loweruka lililonse muzikhala pansi mphindi zochepa kuona kopelo. Musaonjezere nthawi chifukwa cha chisoni. Akaona kuti tsiku lija lasuntha kamodzi, sadzakhulupiriranso tsiku lina lililonse.

Musanafike pomuchotsa, dzifunseni ngati pali ntchito ina m'sitolomo imene angaithe. Anthu ena pakauntala ndi mtolo, koma muwapatse sikelo, kope la sitoko, kapena njinga yokaperekera katundu, simudzawadandaula. Kugulitsa si kwa aliyense. Koma musapange ntchito imene kulibe pongofuna kuthawa kunena mawu ovuta.

Nthawi yochitira zonsezi ndi Ogasiti ndi Seputembala. Pakati pa Novembala, sitolo itadzaza, simungaphunzitse munthu ndipo simungapeze wina womulowa m'malo.

Zikakanika, tsatani njira. Lamulo limafuna kuti pakhale chifukwa chenicheni chokhudza ntchito kapena khalidwe lake, komanso kuti wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Mapepala amene munasainirana aja ndi kalata yochenjeza ndi zimene zidzakuyankhireni nkhani ikafika ku ofesi ya zantchito kapena ku bwalo la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mweziwo m'malo mwake. Ngati pali pamene mukukayika, pitani ku ofesiko musanachite kanthu, osati mutaitanidwa.

Tsiku lomaliza werengani sitoko limodzi, pakhale mboni, nonse musaine. Ngongole zimene anapereka kwa makasitomala azilembe mayina ndi midzi yake iye asanachoke, chifukwa akapita simudzazitolanso. Landirani makiyi, sinthani PIN ya foni ya sitolo tsiku lomwelo, ndipo mumupatse ndalama zake zonse, kuphatikizapo komishoni ya sabata imeneyo ndi masiku a tchuthi amene sanapite, asainire kuti walandira. Ngati anabwera kudzera kwa achibale kapena kumpingo, kawauzeni nokha madzulo omwewo, iye asanakafike ndi nkhani yake.